Beseni, thaulo ndi mawu akuti "nipto"

Ana inu, amayi akakuuzani kuti "kasukusuleni", simunyamula ndowa yodzaza kupita nayo kubafa. Akati "kachapeni", mumadziwiratu kuti nkhani ndi ya zovala. Agiriki akale nawonso sankasakaniza mawu oterewa, ndipo Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'chinenero chawocho zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Iwo akati pluno ankanena kuchapa kapena kutsuka zinthu, monga asodzi aja otsuka makoka pa Luka 5:2. Akati louo, ndiye kuti munthu wasamba thupi lonse. Koma mawu oti muwagwire lero ndi nipto. Uku ndi kusamba mbali imodzi yokha: m'manja, kumaso kapena mapazi. Munthu wosaona amene Yesu anamupaka thope m'maso, atafika padziwe la Siloamu, kusamba kwake kunali kotereku.

Nanga mapazi akubweramo bwanji? Anthu a ku Yerusalemu ankavala nsapato zazingwe, zala zili pamtetete, misewu ili fumbi lokhalokha. Ngakhale munthu asambe n'kudzola bwinobwino kwawo, pofika kwa mnzake mapazi amakhala atatuwa mbuu. Mwininyumba ankapereka madzi, ndipo kusambitsa alendo mapazi inali ntchito ya kapolo.

N'chifukwa chake ophunzira anadabwa usiku uja, pa Yohane 13. Yesu, Mphunzitsi wawo, anadzuka pachakudya, kumanga thaulo m'chiuno, n'kuthira madzi m'beseni kuti awasambitse mapazi. Beseniyo m'Chigiriki ndi nipter, dzina lochokera ku nipto, ndipo m'Chipangano Chatsopano chonse limapezeka pa vesi 5 pokhapa. Petro, mmodzi wa ophunzirawo, anakanitsitsa kwamtuwagalu. Atamva kuti akakana ndiye kuti alibenso gawo ndi Yesu, anasintha pomwepo, n'kupempha kuti amusambitse manja ndi mutu womwe. Petro uja sankadziwa kuchita zinthu mwapang'onopang'ono!

Yankho la Yesu pa vesi 10 lili ndi mawu awiri osiyana. Munthu amene wasamba kale thupi lonse, louo, sabwereranso kubafa. Chomwe chatsala n'kutsuka mapazi okha, nipto, poti ndi amene aponda fumbi la m'njira.

M'chaputala chimenechi nipto amapezeka maulendo 8, pamene louo amapezeka kamodzi kokha. Tsegulani Baibulo lanu, muwerenge vesi 5 mpaka 14, muone ngati mungawapeze onse.