Dziwe Likaphwa: Kusamala Zomera za Pamatope Kuti Abakha Abwerere

Ambiri a ife tikaona dziwe kapena damu la m'mudzi likuphwa, timangoti latha ntchito mpaka mvula idzagwenso. Wina amathamangira kukatsegula dimba pamatopepo, wina amalowetsapo ng'ombe, anyamata nawo amatentha udzu wa m'mbali posaka mbewa. Mvula ikabwera madzi amadzazanso, koma timadabwa kuti abakha am'thengo ndi atsekwe amene makolo athu ankawaona pamalopo sakuteranso. M'phunziro lino tikufuna kufotokoza kuti chakudya cha mbalamezi chimakonzeka m'miyezi imene dziwe lili matope, ndiponso kuti munthu mmodzi sangateteze matopewo payekha.

Zimene tidaona ku Nyanja ya Chilwa

Nyanja ya Chilwa, imene yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatizana, nyanjayi imaphwa. Idauma m'chaka cha 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mbali yaikulu idasanduka matope mu 2018. Nthawi zonsezi madzi adabwerera, ndipo matemba, makumba ndi milamba zimene zidabisala m'mitsinje zidaswananso.

Chimene chidavuta ndi mbalame. Nsomba zitasowa mu 1995, mabanja ambiri a asodzi adayamba kukola ndi kuombera mbalame zam'madzi kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Sitikuwaweruza, pakuti njala siiona nkhope. Koma akatswiri amene adafufuza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adayerekeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa chaka chilichonse. Izi zinkachitika pa nyanja imene idali yoyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa Pangano la Ramsar, pangano loteteza madambo limene maiko adasainira ku Iran mu 1971 ndipo lidayamba kugwira ntchito kwathu kuno mu 1997.

Nyanja ngati Chilwa palibe amene angaitsegule kapena kuitseka. Koma damu la m'mudzi, dziwe la nsomba la gulu, kapena dambo la pa mishoni, zili m'manja mwathu.

Kodi bakha amafuna chiyani?

Bakha wam'thengo, monga uja woimba mluzu amene anthu a ku Chilwa amati chipweyo, amadya makamaka njere za udzu ndi za zomera zam'madzi monga kakombo. Amatolanso nkhono zing'onozing'ono ndi tizilombo, makamaka nthawi yoikira mazira. Tsono njere za udzu wambiri wa m'dambo sizimera pansi pa madzi akuya. Zimagona m'matope, nthawi zina zaka zambiri, kudikira tsiku limene madzi adzachoke ndipo dzuwa ndi mpweya zidzafike pa dothi lonyowa. Pamenepo zimamera mothinana, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu zimabereka njere zochuluka. Madzi akabwerera n'kumiza udzuwo pang'ono, nkhokwe ya abakha yadzaza.

Nzeru imeneyi adaiyesa kwa zaka zambiri anthu osamala mbalame ku America, m'zigawo za Illinois ndi Missouri. Iwo amachotsa dala madzi m'maiwe nyengo yotentha ndi kuwabwezera mbalame zikayandikira kufika. Ife tili ndi mwayi chifukwa nyengo yathu imachita yokha ntchito imeneyi: madzi amayamba kutsika mvula ikatha mu Epulo kapena Meyi, ndipo amabwerera cha mu Disembala.

Kuphwetsa pang'onopang'ono

Ngati damu lili ndi potulutsira madzi, tisatsegule kuti onse atuluke tsiku limodzi. Matope owonekera mwadzidzidzi, makamaka mu Okotobala, amauma msanga n'kung'aluka, ndipo pamamera zitsamba zouma zopanda phindu kwa bakha. Ndi bwino kutsitsa madzi pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, kuyambira nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, kuti chigawo chilichonse cha matope chikhale chonyowa masiku okwanira kumeretsa njere. Potero mitundu ya udzu imakhala yosiyanasiyana, ndipo siikhwima nthawi imodzi. Pakati tisiyepo madzi akuya kuti nsomba zipulumuke. Tinenenso poyera kuti damu limene anthu amatungapo kapena kumwetsapo ziweto sitiliphwetsa chifukwa cha mbalame. Pamenepo timangosamala matope a m'mphepete amene madzi asiya okha.

Pobwezera madzi tisachite changu. Abakha ambiri amadya moviika mutu ndi khosi, choncho madzi a masentimita 10 mpaka 25, olekeza m'katumba, ndiwo oyenera. Njere zomira m'madzi olekeza m'chiuno n'zotayika kwa ambiri a iwo.

Vuto lalikulu ndi njedza ndi bango. Zomera zimenezi n'zothandiza: timaluka nazo mphasa ndi mipanda, ndipo mbalame zimabisalamo. Koma zimakhala ndi mizu yoyanga pansi, ndipo tikazilekerera zimadzaza dziwe lonse n'kupha udzu wa njere. Njere za njedza ndi ufa chabe, bakha sakhuta nazo. Odziwa adapeza kuti mbalame zimachuluka pamene theka la dziwe lili ndi zomera ndipo theka lina ndi madzi oonekera. Njira yabwino yochepetsera njedza ndi kuidula mmunsi madzi atatsala pang'ono kukwera, kuti zitsa zimire. Mizu yake imapumira m'masamba, tsono ikamizidwa imafooka. Kutentha kokha sikuipha, imaphukanso ndi mphamvu. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi ndi bwino kugalauza chigawo chimodzi ndi makasu kuti njere zokwiririka zibwere pamwamba. Namasupuni yekha tisamuchitire chisoni. Tizimuzula ndi kumuumitsa kutali ndi madzi.

Ng'ombe zikadutsa pang'ono m'bango lothinana zimatsegula njira, ndipo n'zabwino. Zikakhala pamatope tsiku ndi tsiku zimadya udzu usanabereke. Moto nawo umapsereza njere zimene zakhwima kale, ndi udzu wautali umene abakha amamangamo zisa zawo pansi m'nyengo ya dzinja.

Nanga alimi a mpunga?

Alipo amene adzafunse kuti: tiitanirenji mbalame zimene zimatidyera mpunga? Funsoli ndi loona ndipo tisalinyoze. Atsekwe ndi abakha amalowadi m'minda, makamaka usiku. Dziwe la njere zambiri lingathe kuchepetsa vutoli, koma sitingalonjeze kuti lidzalithetsa. Nchifukwa chake mlimi wa mpunga ayenera kukhalapo pa msonkhano, pamodzi ndi mwini ng'ombe, msodzi, wosaka mbalame, ndi amayi oluka mphasa. Kawirikawiri amayiwa ndiwo amadziwa bwino kumene chomera chilichonse chimamera, koma ndiwonso saitanidwa.

Ndani alamule?

Malamulo aakulu a dziko lathu, m'gawo 13, amapatsa Boma udindo wosamala chilengedwe poganizira mibadwo yam'tsogolo, ndipo lamulo la nyama zakutchire limakhudzanso kasakidwe ka mbalame. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsa kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi osauka. Komabe mlangizi wa Boma sagona pa dziwe lathu. Malamulo amene amagwira ntchito ndi amene anthu apangana okha pamaso pa mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe: chigawo chiti chilimidwe, chiti chisiyidwe, ng'ombe zimwere mbali iti, ndi miyezi iti imene sitikola mbalame kapena kutola mazira. Malamulowo alembedwe, awerengedwe pagulu, ndipo chindapusa chikhale chimodzi kwa aliyense, ngakhale wolakwayo ndi mphwake wa mfumu kapena mkulu wa mpingo.

M'miphakati yathu tingayambe ndi ntchito yaing'ono. Mwezi uno tipite pa dziwe, tizike zikhomo pamene madzi alekeza, ndipo tifunse agogo maina a zomera ndi mbalame zimene ankaziona. Pakatha milungu inayi tidzapitenso kukaona chimene chamera pakati pa zikhomo ndi madzi, ndipo zimene tapezazo tikazitule ku msonkhano wa mudzi anthu asanagawane matopewo.