Momwe Wailesi za Asilikali a America Zimazembera Msokonezo wa Adani

Pa bwalo la nkhondo, mauthenga a pa wailesi amakumana ndi zoopsa ziwiri zosiyana: mdani angathe kumvetsera zimene zikukambidwa, komanso angathe kuulutsa phokoso lamphamvu pa tchanelo chomwecho kuti olamula ndi olamulidwa asamvane. Choopsa choyambacho chimathetsedwa posanduliza mawu kukhala manambala achinsinsi, koma kubisa mawu sikuletsa phokoso, motero chachiwiricho chimafuna nzeru ina.

Asilikali apamtunda a dziko la America amagwiritsa ntchito wailesi yotchedwa SINCGARS, imene inalowa m'malo mwa AN/PRC-77 ya m'nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. SINCGARS ili ndi matchanelo 2,320 pakati pa 30 ndi 88 MHz, ndipo m'malo mokhazikika pa tchanelo chimodzi monga zimachitira nyumba zoulutsira mawu, imalumpha kuchoka pa china kupita pa china maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi. Wofuna kusokoneza sadziwa kumene ilumphire, ndipo akamwaza phokoso lake pa matchanelo onse mphamvu yake imachepa. Hedy Lamarr, katswiri wa mafilimu, ndi George Antheil, wopeka nyimbo, analembetsa ku boma nzeru yofanana ndi imeneyi mu 1942, ngakhale kuti yawo inali ya matchanelo 88 okha.

Chovuta chenicheni chili pa kayendetsedwe ka ntchito, pakuti wailesi ziwiri sizingamvane pokhapokha zitafanana pa zinthu zinayi: mndandanda wa matchanelo ololedwa, kiyi yachinsinsi imene imasankha ndondomeko ya kalumphidwe, nambala ya gulu lolankhulana, ndiponso nthawi. Makiyiwa, amene ndi manambala chabe, amatetezedwa motsatira malamulo a nthambi ya boma ya National Security Agency, amalowetsedwa m'wailesi ndi kachipangizo kam'manja kamene msilikali amasainira pokalandira, ndipo amasinthidwa pakapita nthawi yoikika. Nthawi kawirikawiri imatengedwa pa GPS, chifukwa wailesi imene wotchi yake yasemphana ndi ya zinzake ndi masekondi ochepa chabe imakhala gonthi m'gulu lake lomwe. Msilikali akaona kuti wailesi igwera m'manja mwa adani, lamulo limamufuna kuti afufute makiyi onse, ndipo ikasowa asanatero, amadziwitsa akuluakulu msanga kuti gulu lonse lipatsidwe makiyi atsopano.

Kulumphalumpha sikubisa kwathunthu malo amene wolankhula ali, popeza zida za adani zingathe kulondola komwe mafunde akuchokera, n'chifukwa chake asilikali amaphunzitsidwa kufupikitsa uthenga ndi kuchepetsa mphamvu youlutsira pamene wolandirayo ali pafupi.