Nambala yaikulu si chilombo

Sabata yatha ndinalemba 17,563,749 pa bolodi m'kalasi langa la Fomu 2 ku Ndirande, n'kufunsa kuti nambalayi ingagawike ndi chiyani. Kalasi lonse linangoti zii. Mtsikana wina amene Loweruka lililonse amagulitsa tomato ndi mayi ake mumsika, osaphonya chenji ngakhale K50, anayankha chapansipansi: "Aphunzitsi, kwathu kulibe wamutu wa masamu." Zinandiwawa mumtima.

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndawamva ku Bangwe, ndawamva ku Chilomoni, ndipo kawirikawiri amachokera pakamwa pa makolo. Masamu sayenda m'magazi. Chimene chimawagwetsa mphwayi ana athu ndi kutalika kwa nambala, osati kuvuta kwake. Akaona manambala 8 atandandalikana, mtima umayamba phaphapha asanagwire n'cholembera chomwe. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyeni tiisende limodzi nambala ya pa bolodi ija. Nambalayi ndi ya anthu amene anapezeka m'Malawi muno pa kalembera wa 2018. Yambani kumchira: ikuthera 9, choncho ndi odd number, kutanthauza kuti mukaigawa pawiri patsala 1. Sikuthera 0 kapena 5, ndiye 5 salowamo. Tsopano phatikizani manambala ake onse, mupeza 42. Poti 3 amalowa mu 42, amalowanso m'nambala yonseyo, koma 9 ayi. Apa tadziwa kale kuti si prime number, nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 7 kapena 13. Yathuyi ndi composite, yopangidwa pochulukitsa zinzake: 3 × 7 × 836,369. Anthu onsewo mukanawaika m'magulu a anthu 21, sipakanatsala ndi mmodzi yemwe.

Pa kalembera yemweyo, mzinda wa Blantyre unali ndi anthu 800,264. Onani manambala atatu omalizawo: 8 amalowa mu 264 maulendo 33, choncho nambala yonse igawika ndi 8, yankho 100,033. Mtsikana uja ndiye anaipeza, popanda kakyuleta, ndipo anayamba kumwetulira.

Musaganize kuti izi n'zongokhozera mayeso a MANEB. Chitetezo cha mauthenga ambiri pa intaneti chimadalira ma prime aakulu kwambiri, chifukwa kuwachulukitsa n'kosavuta, koma kuphwanya yankho lake kuti uwapezenso ndi chintchito. Katswiri wa masamu Euclid anasonyeza zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti ma prime alibe malire, ndipo mu 2024 panapezeka prime ina ya manambala oposa 41 miliyoni.

Kunyumba mungatani? Tengani manambala a tokeni ya magetsi kapena ya foni yanu, mwana ayese 2, 3, 5 ndi 9. Sindikulonjeza kuti akhoza MSCE ndi zimenezi zokha, ana amasiyana, koma mantha adzachepa. Chachikulu, makolo anzanga, lekani kuuza mwana kuti kwanu kulibe wa masamu. Mwana amakhulupirira zimene wamva kwa inu.