Mwana Wosamba M'manja Kosalekeza: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

M'phunziro la zaumoyo timalimbikira kuuza ana kuti azisamba m'manja ndi sopo asanadye ndiponso pochokera ku chimbudzi. Langizo limeneli n'lofunika ndithu, ndipo mliri wa kolera umene unavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kufunika kwake. Komabe alipo ana oŵerengeka amene kusamba m'manja kumawasandukira ndende. Ife amene tikukonzekera kukaima patsogolo pa kalasi tiyenera kuwazindikira ana otere, popeza tikapanda kutero tidzawatamanda kuti ndi aukhondo pamene iwo akuzunzika, kapena tidzawalanga kuti ndi aulesi pamene iwo akudwala.

Tiyerekeze mtsikana wa mu Sitandade 6. Mnzake akabwereka pensulo yake, iye safuna kuilandiranso. Akagwira chofufutira bolodi amapempha kutuluka, ndipo amakasamba mobwerezabwereza kufikira madzi atatha m'chidebe. Zikhatho zake n'zouma ndi zong'ambika. Ntchito ya m'kalasi samaliza, pakuti maganizo ake onse ali pa majeremusi. Iye mwini amaona kuti zimenezi zapyola muyeso, koma kuleka kumamkanika, ndipo manyazi amamchititsa kubisa vuto lake.

Madokotala amatcha nthenda imeneyi obsessive-compulsive disorder, mwachidule OCD. Imagwira munthu mmodzi kapena aŵiri mwa anthu 100 alionse, ndipo kaŵirikaŵiri imayamba munthu akali mwana kapena wachinyamata. Ili ndi mbali ziŵiri. Yoyamba ndiyo maganizo oopsa obwera okha munthu osawafuna, monga lakuti wadetsedwa ndipo adwala kapena apatsira abale ake matenda. Yachiŵiri ndiyo zochita zimene munthu amakakamizika kubwereza kuti mtima ukhale pansi, monga kusamba, kupukuta zinthu kapena kufunsa ena ngati ali bwino.

Msampha wagona pamenepa: kusamba kumatsitsadi mantha, koma kwa kanthaŵi kochepa chabe. Mpumulo umenewo umaphunzitsa ubongo kuti ngozi inalipodi ndi kuti kusambako ndiko kwampulumutsa. Tsono ganizo lija likabweranso, chilakolako chosamba chimakhala champhamvu kuposa kale. Motero chimene mwana amachiyesa mankhwala ndicho chimene chimakulitsa nthendayo.

Nanga ukhondo weniweni tingausiyanitse bwanji ndi nthenda? Mwana waukhondo amasamba pa nthaŵi yoyenera, kwa masekondi pafupifupi 20, n'kubwerera ku ntchito yake. Madokotala amaganizira za OCD pamene maganizo ndi zochita zija zikudya nthaŵi yoposa ola limodzi pa tsiku, kapena pamene zikumsautsa kwambiri munthu ndi kusokoneza maphunziro, maseŵera ndi kukhala kwake ndi anzake.

Kale nthenda imeneyi inkaonedwa ngati yovuta kwambiri kuchiza. Mu 1966 Victor Meyer, katswiri wa zamaganizo pa chipatala cha Middlesex ku London, anafotokoza za odwala aŵiri amene anapeza bwino atawakhudzitsa zinthu zimene ankaziopa, kwinaku akuwathandiza kuti asachite miyambo yawo ija. M'zaka za m'ma 1970 Stanley Rachman ndi Isaac Marks anaiyesa ndi kuikonza njirayi pa chipatala cha Maudsley. Dzina lake ndi exposure and response prevention, ndiko kunena kuti kukumana ndi chinthu choopedwa popanda kuchita mwambo wothaŵira mantha.

Wochiza ndi mwana amagwirizana kundandalika zinthu zoopsa monga makwerero, kuyambira chopepuka kufikira chovutitsitsa. Mwina pansi pali kugwira kope la mnzake, pakati pali kugwira chitseko cha kalasi, pamwamba pali kusesa ndi tsache la onse. Mwana amagwira kope lija n'kukhala osasamba. Mantha amakwera, koma akapirira amayamba kutsika okha. Akabwereza masiku angapo amaphunzira zinthu ziŵiri: kuti tsoka limene ankaliopa silichitika monga ankaganizira, ndi kuti mantha angathe kuwapirira. Pamenepo amakwera pa sitepe yotsatira. Nthenda ikakhala yaikulu, dokotala angaonjezepo mankhwala monga fluoxetine kapena sertraline, amene amatenga masabata angapo asanaonetse mphamvu yake.

Ife aphunzitsi sindife ochiza, koma udindo wathu ndi waukulu. Choyamba, tisamnyoze mwanayo, tisamlange, ndipo tisalole anzake kumseka. Kumlanda sopo mwadzidzidzi kapena kumkakamiza kugwira zonyansa si chithandizo ayi. Njira ya makwerero imayenda ndi chilolezo cha mwana, motsogozedwa ndi munthu amene anaiphunzira.

Chachiŵiri, tichenjere ndi chifundo chimene chimadyetsa nthenda. Mwana akatifunsa kakhumi ngati manja ake ayera, ife n'kumamtsimikizira kakhumi, mayankho athuwo amagwira ntchito yofanana ndi kusamba. Ndi bwino kumyankha kamodzi, kenaka kumuuza mofatsa kuti tikuona kuti mantha amvuta, ndipo tikhulupirira kuti awapirira.

Chachitatu, tikambirane ndi mphunzitsi wamkulu ndi makolo mwachinsinsi, tiwafotokozere kuti si ufiti kapena mwano, koma nthenda yokhala ndi chithandizo. Tiwalangize kuti ayambire ku chipatala cha boma cha m'dera lawo, kumene angawatumize kwa odziŵa za matenda a maganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu.

Chachinayi, pophunzitsa ukhondo tiike malire omveka: tinene nthaŵi zoyenera kusamba, utali wake, ndi kuti kamodzi n'kokwanira. Tisaopseze ana ndi nkhani za majeremusi zopanda mapeto.

Potsiriza, tikumbukire mau a akuluakulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchira kumadza pang'onopang'ono, ndipo masiku ena mwana amabwerera m'mbuyo, makamaka nyengo ya mayeso. Tsiku limene mtsikana uja adzalandire pensulo kwa mnzake n'kupitiriza kulemba, timyamikire mwakachetechete, pakuti wachita chinthu chimene kwa iye chinali chovuta koposa masamu onse a pa bolodi.