ZA VINYO WOFIIRA NDI KALAWIDWE KACE

Ife a kuno kwa Kalembo vinyo timamuona masiku onse a Mulungu pamene wansembe amthira m'cikho pa Misa, koma owerengeka okha ndiwo adziwa kumene acokera ndi cimene cimkometsa. Ambiri akamva dzina lace angoti, "Ndi mowa wa Azungu." Tsono mwezi uno tifuna kukusimbirani cimene tinaona ndi kulawa ife tokha.

Tsiku lina, titatha msonkhano wa aphunzitsi ku Ulongwe, Bambo wina wocokera ku Italy anatiitana ku cakudya. Anaturutsa botolo limodzi lopanda cizindikiro ca sitolo, nati vinyoyo ngwa m'munda waung'ono wa abale ace, pa mapiri a kufupi ndi Bergamo. Tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo botolo limodzilo linatikwanira tonse. Mnzathu wina anati agugude monga ticitira ndi thobwa pocokera kumunda, koma Bambo anamgwira dzanja nati, "Aphunzitsi, dekhani, yambani mwapenya."

Kulawa kwace kuli ndi masitepe atatu. Poyamba ndi maso. Tinapendeketsa tambula pa nsaru yoyera, ndipo tinaona kuti vinyoyo ngofiira kwakuda, kotero kuti cala sicioneka kuseri kwace. Madzi a mphesa pa okha safiira iai. Kufiirako kucokera ku makoko, amene awasiya m'madzimo masiku angapo pamene vinyo alikuwira. Kaciwiri ndi mphuno. Tinazunguza tambula pang'ono, tinanunkhiza, ndipo linamveka fungo ngati la nthudza zakupsa, ndi kafungo kena ka mtengo, popeza vinyoyo anagona m'migolo ya matabwa. Kacitatu ndi lilime. Tinamwa kadontho, tinakasunga m'kamwa osafulumira kumeza. Apo tinamva kulemera kwace, monga mkaka ulemera pa lilime koposa madzi. Ndico cifukwa cace vinyo wotere amucha wolemera. Anaumitsanso m'kamwa pang'ono monga icitira nthoci yosapsa kapena tiyi wakuda bii. Cimene ciumitsaco acicha tanini, ndipo cicokera ku makoko ndi njere. Titadya nyama ya mbuzi, kuumako kunafewa, ndipo kukoma kunakhalitsa kukhosi. Zoonadi akuru ananena, kuona maso a nkhono nkudekha.

Bambo anatiphunzitsanso kuti kutentha kwa kuno kumuononga vinyo wofiira. Afunika kukhala wozizirira, pa madigiri 16 kufikira 18. Nchifukwa cace botolo analiika mu mtsuko wa madzi tisanadye. Ndipo botolo likatsegulidwa, pakapita masiku owerengeka mpweya umsandutsa vinyo wosasa.

Tiganizire tsono nchito yobisika m'botolo limodzi. Mpesa ukabzalidwa utha zaka ngati 3 usanabale zipatso zoyenera. Caka ndi caka mwini munda audulira, aumangirira, nauteteza ku cinoni ndi mbalame. Botolo limodzi lifuna mphesa zoposa kilogalamu imodzi. Akazichola azifinya, ndipo yisiti adya shuga wa m'madzimo namsandutsa ukali, monga umo mowa wathu uwirira m'mbiya. Mwini munda waung'ono adziwa mpesa uli wonse monga mai adziwa ana ace, ndipo vinyo wa caka ca dzuwa asiyana ndi wa caka ca mvula. Munthu womwa mogugudiza ataya thukuta lonseli m'kamphindi.

Wina afunsa, kodi mphesa sizingabale kuno? Mpesa umera ndithu, koma bvuto ndi ili: mphesa zifuna nyengo youma pakupsa, pamene kwathu mvula ndi kutentha zifika pamodzi, ndipo zipatso zigwidwa cinoni nizibvunda. Ku Cape, m'dziko la South Africa, mvula igwa m'nyengo yozizira. Kumeneko vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo m'caka ca 1925 Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya mpesa napeza mtundu wochedwa Pinotage. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, kumene mvula icepa, amishoni ndiwo anayamba kubzala mphesa, ndipo lero alimi a kumeneko akolola kawiri pa caka. Kuno kwathu, a Linga ku Lilongwe apanga vinyo wa zipatso zathu monga jambula ndi magwafa. Ameneyo ayenera pa gome la cakudya. Koma pa guwa, lamulo la Eklezia (kanoni 924) lifuna vinyo weniweni wa mphesa, wosaonongeka. Cifukwa cace vinyo wa Misa ayenda ulendo wautali kuti atifike, ndipo a sakristi ayenera kumsunga pozizira ndi kutseka bwino botolo.

Koma tisanamizane. Vinyo wolemera ali ndi ukali wa magawo 13 kufikira 15 pa 100, ndipo aledzeretsa monga mowa wina uli wonse. Tonse tidziwa mabanja amene kacasu wawapasula, ndi ndalama za thonje zimene zinathera pa mowa ana akugona ndi njala. Tadzina vinyo sititcinjiriza munthu ku ucidakwa. Mai woyembekezera, mwana, woyendetsa galimoto kapena njinga, ndi iye amene adziwa kuti akayamba satha kuleka, asalawe konse. Anansi athu Acisilamu, amene ali ambiri m'dziko lino la Kalembo, sakumwa. Tisawakakamize kapena kuwaseka pa maukwati athu. Ndipo bambo asagule botolo la mtengo wapatali m'nkhokwe muli mbee.

Cimene tinatola tsiku lija si kukoma kokha. Tinaona anthu asanu ndi mmodzi akugawana botolo limodzi, akuceza kufikira dzuwa litapendeka, ndipo yense anabwerera kwao ndi nzeru zace zonse, mapazi ali olunjika. Inu atate a mabanja, mukaitanidwa ku phwando ndipo akakupatsani tambula, penyani, nunkhizani, lawani pang'ono, yamikani Mulungu ndi mlimi amene simumdziwa, ndipo pofuna kukuthirirani kaciwiri, mudziwe kunena kuti, "Zikomo, ndakhuta."