Kuwerengera usipa mu J

Pa Likoma usipa sauwerenga umodziumodzi, amauyeza m'ndowa. Chilankhulo cha kompyuta chotchedwa J, chomwe Kenneth Iverson ndi Roger Hui anatulutsa mu 1990, nachonso chimanyamula manambala onse pamodzi. N'chifukwa chake ndimachikonda.

Tinene kuti msodzi wa ku Makulawe wapha ndowa 4, 6 ndi 8 pa masiku atatu. Chizindikiro +/ chimaphatikiza, kupeza 18. Cha # chimawerenga masikuwo, 3. Cha % chimagawa. Mukalemba pakati =: +/ % # ndiye kuti mwapanga function yanuyanu yotchedwa pakati, yopeza avareji. Lembani pakati 4 6 8, yankho ndi 6.

Chondisangalatsa n'chakuti popanga function ija simunatchule nambala iliyonse. Zizindikiro zam'mbali ziwirizo, +/ ndi #, zimayamba kugwira ntchito, chogawa chija n'kumalizitsa. Mukaika ndowa za mwezi wathunthu, mzerewo sausintha.