Khofi wa bowa ndi njala yodzipatsa dala

"Bowa wake uti? Utale kapena ndelema?"

Limeneli ndi funso limene mayi anga adandiponyera m'mawa wina atandipeza kukhitchini ndikutakasa kaufa kabulauni m'kapu. Anali atabwera kudzacheza kuchokera kwathu ku Machinga, ndipo kwa masiku atatu ankangondiyang'ana ndikunyamuka kupita kuntchito osalawa kanthu, mbatata imene aphika ndikuisiya pathebulo. Tsiku lachinayi adalephera kupirira.

Ndidawauza kuti ndi khofi wa bowa. Adatenga paketi ija, kuitembenuza, kuinunkhiza, n'kundibwezera. "Mwanawe, ine bowa ndidayamba kuzula ndili kamtsikana. Uyu sindikumudziwa."

Sadaname. Ngakhale ineyo mwini kapu sindinkamudziwa.

Nkhani idayamba ndi thalauzi. Lidakana kutsekeka m'chiuno tsiku la ukwati wa mnzanga, ndipo usiku womwewo ndidafufuza pafoni njira yochepetsera mimba. Inu mukudziwa mmene TikTok imachitira: mukaifunsa kamodzi, imakuyankhani mwezi wathunthu. Posakhalitsa ndidali nditalowa gulu la osala kudya kwa maola, zija akuti intermittent fasting. Yotchuka kwambiri ndi ya 16:8. Umakhala maola 16 osadya, chakudya chonse cha tsikulo n'kuchidya m'maola 8 otsalawo. Ine ndinkatseka pakamwa 8 koloko usiku n'kudzatsegula 12 koloko masana. Palinso ya 5:2, imene idafala mu 2012 dokotala wina wa ku Britain, Michael Mosley, ataionetsa pa BBC: masiku asanu umadya monga mwa nthawi zonse, awiri n'kudya pang'ono chabe.

Maola ambiri a kusalako umakhala uli mtulo, ndiye savuta. Nkhondo imayamba cha m'ma 10 koloko m'mawa, anzako muofesi akamatsegula mapepala a mandasi, fungo n'kudzaza chipinda chonse. Ndi pa ola limeneli pamene khofi wa bowa amagulitsidwira. Mavidiyo amati kapu imodzi ithetsa njala, ikupatsa mphamvu, mutu uziganiza mwachangu, ndipo koposa zonse "saswa kusala." Mayi wina amene amaoda katundu ku Joni adamuika pa sitetasi ya WhatsApp, ine n'kutumiza ndalama. Mtengo wake ndisautchule, mkazi wanga amawerenga tsamba lino. Ndingoti udaposa bandulo yanga ya mwezi wonse.

Tsono funso limene ambiri mwakhala mukufunsana m'magulu ndi lakuti: kodi khofi ameneyu amaswa kusala kapena ayi? Yankho lili kuseri kwa paketi, kuja kuli timalemba ting'onoting'ono timene sitiwerenga.

Khofi wakuda, wopanda shuga ndi mkaka, ali ndi makalori osapitirira 5 pakapu. Thupi silimutenga ngati chakudya. Ufa wa bowa wokhawokha umangowonjezerapo pang'ono. Ngati m'paketi mwanu muli ziwiri zokhazi, imwani, kusala kwanu kuli bwinobwino. Koma ufa wa bowa paokha sukoma, umamveka dothidothi, ndiye opanga ambiri amathiramo zina: mkaka wa kokonati waufa, mafuta otchedwa MCT, koko, pena ndi zotsekemera. Gramu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9. Ogulitsa amadziteteza kuti mafuta sakweza insulini ngati mmene shuga amachitira, ndipo apo akunena zoona. Koma ngati cholinga chanu n'kuchepetsa zolowa m'thupi, makalori a mafuta nawonso amawerengedwa, salowa mwaulere.

Paketi yanga inali ya gulu lachiwirili. Ndipo ndiulule: sabata yoyamba ndinkathiramo masupuni atatu a shuga, monga tidakulira pa tiyi wa kwathu. Supuni yaing'ono imodzi ndi makalori pafupifupi 16. Ndinkayenda ndi nkhope ya munthu wosala, chikhalirecho ndamwa kadzutsa m'kapu.

Ena amati iwo sasalira kuonda, amasalira autophagy, kuja maselo amadziyeretsa pogaya zinthu zakutha za m'kati mwake. Chinthuchi chilipodi, ndipo Yoshinori Ohsumi wa ku Japan adalandira nacho mphoto ya Nobel mu 2016. Kungoti mkuluyu ankafufuza pa yisiti, yomwe ija yofufumitsira buledi. Sankafufuza pa anyamata a ku Area 25 amene adumpha kadzutsa. Munthu akakulozerani ola lenileni limene thupi lanu "layamba kudziyeretsa," mufunseni kuti waliona pati.

Tibwerere ku funso la mayi anga. Bowa wa m'khofiyu si utale, si ndelema, si chipindi kapena manyame amene timagula m'mbali mwa msewu mvula ikagwa. Mayina amene mudzawaone papaketi ndi anayi kawirikawiri. Lion's mane ndi bowa woyera wa manyenje ngati ndevu. Reishi ndi wolimba ngati thabwa, ndipo ku China, kumene amamutcha lingzhi, akhala akumugwiritsa ntchito m'mankhwala achikuda kwa zaka mazanamazana. Cordyceps kwawo ndi kumapiri a Tibet kumene amamera pa mbozi, ngakhale wa m'mapaketiyu amachita kulimidwa. Chaga ndi chotupa chakuda ngati khala chimene chimamera pa mitengo ya birch m'mayiko ozizira monga Finland, Russia ndi Canada. Anthu a ku Finland ankamwa chaga m'malo mwa khofi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, khofi weniweni atasowa. Chakumwa cha pamavuto chimenecho ndi chimene kampani ya Four Sigmatic, imene adayambitsa anyamata a ku Finland komweko mu 2012, idachiveka suti n'kuchitchukitsa ku America.

Nanga umboni woti amathandiza? Kafukufuku amene ogulitsa amakonda kumutchula ndi wa ku Japan wa mu 2009. Adatenga anthu 30 a zaka za pakati pa 50 ndi 80 amene adayamba kuiwalaiwala, theka n'kumawapatsa magalamu atatu a lion's mane tsiku lililonse kwa masabata 16. Adakhozadi bwino mayeso a kaganizidwe kuposa anzawo, koma atasiya kumwa zinthu zidayambanso kubwerera m'mbuyo. Onani bwino: anthu 30 okha, achikulire, ndipo magalamu atatu a bowa mmodzi. Mapaketi ambiri amasakaniza mitundu ingapo ya bowa m'kasupuni kamodzi, ena osanena n'komwe kuti mtundu uliwonse ulimo wochuluka bwanji. Ena sagwiritsa ntchito bowa weniweniyo koma timizu take tomeretsedwa pa mpunga kapena oats, n'kugaya zonse pamodzi, kutanthauza kuti gawo lina la ufa wodulawo ndi sitachi wamba. Ku America, kumene ambiri mwa malondawa amachokera, bungwe la FDA silivomereza kaye zakumwa zoterezi zisanalowe pamsika monga limachitira ndi mankhwala.

Chimodzi ndimuyamikire khofiyu. Kafeini wake amakhala pafupifupi theka la wa khofi wamba, amene kapu imodzi imakhala ndi mamiligalamu 95 kapena kuzungulira pamenepo. Kwa ine amene khofi wa m'mimba yopanda kanthu amandipatsa chilungulira ndi kugunda kwa mtima, kusiyanako ndidakumva. Koma pambuyo pake ndidazindikira kuti theka la supuni ya khofi wa Mzuzu, wolimidwa ku Misuku ndi ku Phoka konkuno, limandichitira chimodzimodzi, chenji n'kutsala m'thumba.

Lamba adabwereradi bowo limodzi, sindikana. Kwa kanthawi ndinkathokoza bowa. Nditakhala pansi n'kuwerengera, ndidapeza kuti chimene chidachoka pa moyo wanga ndi mandasi atatu a 10 koloko ndi tchipisi cha pachiwaya cha usiku pobwera koonera mpira. Akatswiri adapezanso zofanana. Mu 2020, gulu la Ethan Weiss ku University of California, San Francisco lidayesa 16:8 pa anthu 116 kwa masabata 12. Osalawo adatsika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, odya katatu patsiku adatsikanso pang'ono, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa koti sikadawerengedwa. Mu 2022 ku Guangzhou, China, adatsatira anthu 139 kwa chaka chathunthu, onse atachepetsa chakudya, theka lokha n'kumayang'ananso wotchi. Magulu onse awiri adaonda, ndipo wotchi sidaonjezere zambiri. Kusala kwa maola kumathandiza amene kwawathandiza kudya zochepa. Amene amafika 12 koloko n'kugwetsa mitanda isanu ya nsima pobwezera, sikelo imangowayang'ana.

Zonsezi zikadangokhala nkhani yoseka ya ndalama zotayika zikadapanda zimene zidachitika Lachiwiri lina.

Mayi anga ali ndi matenda a shuga, ndipo m'mawa uliwonse amamwa mapiritsi a glibenclamide. Adatopa nawo, monga amatopera aliyense amene wamwa mankhwala zaka zambiri. Madzulo ena ndikudzitama pakhonde, ndidawawerengera zimene wogulitsa uja adalemba, zoti bowayu "amatsitsa shuga" komanso kusala "kumachiza." Ndidangowerenga mocheza. Iwo adasunga. Kusala sikunali kwachilendo kwa iwo, ndi mayi a mapemphero, ndipo mwana wawo wophunzira anali akuonda pamaso pawo.

M'mawa wa tsikulo adamwa piritsi lawo, kukana phala, n'kudzipangira kapu ya khofi wanga. Cha m'ma 11 koloko mkazi wanga adandiimbira mawu akunjenjemera. "Bambo a Chisomo, bwerani msanga, amayi sakuyankhula zomveka." Adawapeza atakhala pansi pakhomo, thukuta lili kamukamu, manja akunthunthumira. Mwamwayi adaganiza msanga, adawamwetsa madzi a shuga akadali otha kumeza, kenaka n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Dokotala amene adawaona sadakweze mawu, koma ndikadakonda akadandikalipira. Adandifotokozera kuti mankhwala a mtundu umenewu amakankha thupi kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sadadye. Ukamwa piritsi n'kudumpha chakudya, shuga amatsika kupitirira muyeso, ndipo munthu atha kukomoka ngakhale kufa kumene. Sadaloze chala bowa. Chidawagwetsa mayi ndi njala imene adatengera kwa ine. Paketi ija adangoiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mukudziwa zimene zili umu?" Ndidangoti kukamwa yasa.

Kuchokera tsiku limenelo ndidawerenga zimene ndidayenera kuwerenga ndisanatumize ndalama. Chaga ali ndi oxalate wambiri, mchere umene umapanga timiyala mu impso. Mu 2014 madokotala a ku Japan adalemba za mayi wa zaka 72 amene ankamwa masupuni anayi kapena asanu a ufa wa chaga tsiku lililonse kwa miyezi 6, impso zake n'kuonongeka mpaka kuikidwa pa makina osefa magazi. Kapu imodzi patsiku sifika muyeso umenewo, koma amene impso zake zili kale ndi vuto asayese n'komwe, makamaka kuno kumene makina amenewa amapezeka m'zipatala zowerengeka monga Kamuzu Central ndi Queens. Reishi naye atha kuchedwetsa kuundana kwa magazi, choncho sayenda bwino ndi mankhwala monga warfarin. Kusala kwa maola nakonso si kwa aliyense. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana amene akukula, odwala shuga amene ali pamankhwala, ndi aliyense amene mapiritsi ake amafuna chakudya, ayambe wafunsa kuchipatala, osati kugulu la WhatsApp.

Ndipo chonde, pasapezeke wina woganiza zopanga wake kunyumba pothyola zomera pa chitsa n'kusinja. Dzinja lililonse timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa wolakwika, ena osabwerako. Kuyanika kapena kuwiritsa sikuchotsa poizoni wa bowa woopsa kwambiri.

Atachira, mayi sadandidzudzule za piritsi kapena za chipatala. Chimene chidawavuta kumvetsa n'china. "Kumudzi mwezi wa February anthu amadya kamodzi patsiku chifukwa nkhokwe yauma," adatero. "Iwe ufa uli m'nyumba, ukulipira ndalama kuti ukhale ndi njala?" Ndidayesa kufotokoza za insulini ndi makalori, koma mawu ankandithera m'kamwa.

Kusala sindidasiyiretu. Ndidangokufupikitsa: ndimadya mgonero 7 koloko, kadzutsa 9 koloko, ndipo pakatipo ndi madzi ndi khofi wakuda wa theka la supuni. Mandasi a muofesi ndimawadutsabe, masiku ena. Paketi ija ili pamwamba pa kabati, yatsala theka, ndipo ndidaikankhira kumbuyo kumene dzanja la munthu wamfupi silifika.

Sabata yatha mayi adatumiza kathumba pa minibasi. Munali utale wouma umene adafutsa dzinja lapitali, ndi nsinjiro m'kapepala. Adaimba kufunsa ngati kafika.

"Ameneyo ndiye ndikumudziwa," adatero. "Uwauze apongozi anga atendere. Ndipo udye ndi nsima, osati m'kapu."